Namzeze Wachitsulo Amene Adauluka Dzuwa Litapendeka

Munthu amene angapeze mpata wofika ku Saxonwold, dera lina la mzinda wa Johannesburg, nakalowa m'nyumba yosungiramo zakale zankhondo yotchedwa Ditsong National Museum of Military History, adzapezamo ndege ina yamawangamawanga, ya mipando iwiri, yolembedwa nambala 8 yofiira m'nthiti mwake, ndipo kumphuno kwake kwatuluka tizitsulo tooneka ngati nyanga za mbawala. Akaipenyetsetsa adzaona kuti ilibe pulopela, chopukusa mphepo chija chimene ndege za masiku amenewo zinkakhala nacho, koma kunsi kwa phiko lililonse kwalendewera injini yaitali yonga mtondo wogoneka pansi. Imeneyo ndiyo Messerschmitt Me 262, ndege yoyamba ya jeti imene idalowa m'nkhondo kukalimbana ndi ndege zinzake, ndipo mwa zamtundu wake zimene zidapangidwira kusaka adani usiku, yatsala ndi iyo yokha pa dziko lonse lapansi.

Ajeremani adaitcha Schwalbe, ndiko kunena namzeze, ndipo dzinalo lidaiyenera, pakuti inkathamanga makilomita 870 pa ola, pamene Mustang ya ku America, imene inkaopedwa koposa m'chaka cha 1944, inkalekezera chapafupi ndi makilomita 700. Chitathere nkhondo kufikira lero lino, okonda mbiri ya ndege sadaleke kufunsana kuti, kodi namzezeyu akadatuluka m'chisa chaka chimodzi kapena ziwiri m'mbuyo mwake, Germany ikadagwa monga idagwera? Ambiri amafulumira kuyankha kuti iyayi, nasenzetsa mlandu wonse Adolf Hitler, amene amati adaichedwetsa ndi kuuma mutu kwake. Ine nkhaniyi ndaisinkhasinkha kwa nthawi yaitali, ndipo ndaona kuti yankho limenelo likoma m'khutu mokha, koma pa tsinde pa nkhani silifikapo.

Chiyambi chake chinali chonyozeka. Ku Göttingen kunali mnyamata wophunzira sayansi dzina lake Hans von Ohain, amene ankakonzetsa galimoto yake kwa makaniko wina, Max Hahn, ndipo awiriwa adasula m'galaja chitsanzo cha injini yachilendo yopanda mapisitoni. Nzeru yake si yovuta kuimva kwa munthu amene adaonapo mvukuto wa wosula makasu. Injiniyo imameza mpweya kutsogolo, timasamba tachitsulo tozungulira mwaliwiro timaupanikiza, kenaka amaupopera mafuta nauyatsa moto. Mpweya wotenthawo umatuluka kumbuyo ndi ukali waukulu nukankhira ndege patsogolo, ndipo potulukapo umazunguza gudumu lina la timasamba limene limapereka mphamvu kwa timasamba ta kutsogolo tija, kotero kuti mvukuto umadzivukuta wokha. Ku Britain nako Frank Whittle anali atalembetsa kale nzeru yotere mu 1930, koma boma lake lidamuyang'ana ndi diso lozizira. Von Ohain mwayi udamugwera mu 1936, ali ndi zaka 24, pamene mphunzitsi wake Robert Pohl adamulembera kalata kwa Ernst Heinkel, mwini fakitale ya ndege ku Rostock, munthu wokonda liwiro kuposa chakudya. Heinkel adawatenga onse awiri, wophunzira ndi makaniko yemwe, nalipira ntchitoyo ndi ndalama za m'thumba mwake. Ndipo m'bandakucha wa pa 27 Ogasiti 1939, pa bwalo la Marienehe, woyendetsa ndege Erich Warsitz adanyamuka pa kandege kotchedwa He 178, nazungulira mphindi zowerengeka, natera bwinobwino. Patapita masiku asanu okha asilikali a Germany adalowa m'dziko la Poland.

Pamene Heinkel adakaonetsa kandegeko kwa akuluakulu a unduna wa ndege, Erhard Milch ndi Ernst Udet, mu Novembala chaka chomwecho, iwo sadatekeseke nako, popeza Poland inali itagwa m'masabata owerengeka ndipo ankayesa kuti nkhondo yonse idzakhala yaifupi motero. Komabe Heinkel sadafooke. Adapanga He 280, ndege yankhondo ya injini ziwiri, imene idauluka ndi mphamvu yakeyake pa 30 Malichi 1941, Whittle asanaulutse yake, pakuti ya Angelezi idanyamuka pa 15 Meyi. Ndege imeneyi inali ndi mpando woponya woyendetsa kunja zinthu zikavuta, ndipo Helmut Schenk adakhala munthu woyamba kupulumuka imfa mwa njira yotere. Koma injini zimene Heinkel ankadalira zidakana kukhwima, ndipo mu Malichi 1943 Milch adalamula kuti ntchitoyo ilekeke, maso onse atembenukire kwa Willy Messerschmitt.

Kwa Messerschmitt nako mavuto anali omwewo. Thupi la ndege lidatha kale mu 1941, koma injini kunalibe, kotero kuti pa 18 Epulo chaka chimenecho adaiulutsa ataiika pulopela kumphuno ngati ndege wamba. Mu Malichi 1942 adamangirira injini ziwiri za BMW, ndipo zonse ziwiri zidazima woyendetsa wake, Fritz Wendel, atangonyamuka. Chidamupulumutsa ndi pulopela ija, imene mwanzeru anali asanaichotse. Tsiku lenileni lidafika pa 18 Julayi 1942 ku Leipheim, ndi injini za kampani ya Junkers zotchedwa Jumo 004. Pa nthawiyo ndegeyo inali ndi tayala laling'ono kumchira, ndipo pothamanga pansi mchira unkakana kudzuka chifukwa mapiko ankautchingira mphepo. Wendel adachita chinthu chimene munthu wamantha sakadachiyesa: ali pa liwiro lalikulu, mapeto a bwalo akuyandikira, adagunda mabuleki pang'ono, mphuno idawerama, mchira udadzuka, ndipo namzeze adakwera kumwamba. Adolf Galland, mkulu wa ndege zonse zolimbana ndi adani m'mwamba, adaiyesa yekha pa 22 Meyi 1943, ndipo atatsika adafanizira ulendowo ndi kukankhidwa ndi angelo, napempha kuti ipangidwe msangamsanga.

Pano ndiye pamene nthano yotchuka ija imayambira. Pa 26 Novembala 1943, ku Insterburg, Hitler adaiona ndegeyo nafunsa ngati ingathe kusenza mabomba, ndipo Messerschmitt, munthu wodziwa kukondweretsa mafumu, adavomera. Hitler ankafuna ndege yaliwiro yoti idzagwetse mabomba pa magombe tsiku limene adani adzaoloke nyanja kuchokera ku Britain. Mu Meyi 1944, atamva kuti mawu ake sadasamalidwe ndipo ndege zikupangidwa zopanda pokolekera mabomba, adapsa mtima koopsa nalamula kuti zonse zikhale zoponya mabomba, ndipo mtundu umenewo udatchedwa Sturmvogel, mbalame ya namondwe. Kuti lamuloli lidasokoneza zinthu, sindikana, pakuti mapanga awiri avumbwitsa: ndege imene idapangidwira kuthamangitsa adani idapezeka ikuponya mabomba kuchokera m'mwamba kwambiri yopanda chida chabwino cholozera, ndipo zowerengeka zimene zidatumizidwa ku France m'chilimwe cha 1944 sizidaphule kanthu. Koma tiyenera kukumbukira kuti amene adaifalitsa nkhaniyi nkhondo itatha anali akazembe ogonja, ndipo kwa munthu wogonja palibe chopepuka ngati kuloza chala mfumu imene idafa kale. Pofika Seputembala 1944 gulu loyamba la Me 262 lolimbana ndi ndege za adani linali likukhazikitsidwa kale. Lamulo la Hitler lidadya miyezi yowerengeka, pamene injini idadya zaka.

Tiyeni tikhalepo pang'ono pa injiniyi, chifukwa mtima wa nkhani uli m'menemo. Adaikonza ndi Anselm Franz, injiniya wa ku Austria, ndipo yoyamba, Jumo 004A, inkagwira bwino ntchito popeza idapangidwa ndi zitsulo zopirira moto, monga nikeli ndi kobati. Koma zitsulo zimenezi Germany inalibe zokwanira m'nthaka yake. Nikeli inkachokera ku Petsamo, kumpoto kwa Finland, kiromu yambiri inkagulidwa ku Turkey, ndipo njira zonse ziwirizi zidatsekeka m'chaka cha 1944. Tsono Franz adalamulidwa kuumba njerwa popanda udzu, monga ana a Israyeli m'manja mwa Farao: akonze injini ina, 004B, ya chitsulo wamba chokutidwa ndi aluminiyamu, ndipo pambuyo pake timasamba ta gudumu lakumbuyo tidapangidwa tamphako kuti mpweya wozizira uzidutsa m'kati mwake, tisasungunuke. Idali nzeru yogometsa, koma mtengo wake unali wowawa, pakuti injini yotere inkatha ntchito itangouluka maola 10 mpaka 25. M'chaka cha 1943 timasambato tidayamba kuthyoka popanda wodziwa chifukwa chake, kufikira katswiri wina, Max Bentele, adazindikira kuti tinkanjenjemera mogwirizana ndi kuzungulira kwa injini, monga nsambo ya bangwe imalirira ikakhudzidwa. Adatifupikitsa pang'ono, natsitsa kuzungulira kwa injini kuchoka pa 9,000 kufika pa 8,700 pa mphindi. Ntchito yonseyi idakoka nthawi mpaka pakati pa 1944, ndipo panalibe lamulo la mfumu kapena pempho la kazembe limene likadafulumiza chitsulo kuti chipirire moto umene sichingaupirire.

Woyendetsa ndegeyi ankakhala ngati munthu woweta nyalugwe. Poilizitsa, ankayamba ndi kainjini kakang'ono ka Riedel, konga ka njinga yamoto, kobisika m'kamwa mwa injini yaikulu, kamene makaniko akanatha kukadzutsa pokoka chingwe. Mafuta ankayenera kuwonjezedwa pang'onopang'ono, ndi dzanja lodekha ngati la mzamba. Munthu akangokankha chogwiriracho mwaphuma, injini inkazima kapena kuyaka moto. Malawi ake ankasungunula phula, choncho inkafuna mabwalo aatali a konkire, ndipo mabwalo otere anali owerengeka ndi osabisika kwa ndege zojambula zithunzi. M'mwamba, ikapsa liwiro, panalibe woipeza, ndipo mizinga yake inayi ya mamilimita 30 inkatha kuphwasula ndege yaikulu yoponya mabomba ndi zipolopolo zochepa chabe. Koma ponyamuka ndi potera inkakhala yofooka ngati nkhuku yonyowa, ndipo adani atazindikira zimenezi adaleka kuithamangitsa, nayamba kuidikirira pakhomo pake.

Mwa oyamba kulawa ukali wake panali amuna awiri a ku South Africa. Pa 15 Ogasiti 1944 Salomon Pienaar ndi mnzake Archie Lockhart-Ross adanyamuka ku San Severo, m'dziko la Italy, pa ndege yamatabwa ya Mosquito, yopanda mfuti ndi imodzi yomwe, kukajambula zithunzi za bwalo la Leipheim lomwe lija. Mosquito inkadalira liwiro lokha, ndipo kufikira nthawi imeneyo zoipeza zinali zochepa. Tsikulo Me 262 idawatulukira kumbuyo, nkuwalasa phiko ndi mchira, ndipo idabwerezabwereza kuwaukira. Koma nthawi iliyonse Pienaar ankakhota mwadzidzidzi, namzeze nkupitirira chifukwa cha liwiro lake lomwelo, kufikira adabisala mumtambo nabwerera kwawo ndi ndege yophwanyika. Adapulumuka onse awiri, ndipo adabweretsa phunziro lakuti chilombocho chili ndi liwiro koma sichidziwa kukhota.

Gulu loyamba la Me 262 lija adalipereka kwa Walter Nowotny, mnyamata wa zaka 23 amene anali atagwetsa kale ndege zoposa 250, ndipo lidakhala pa mabwalo a Achmer ndi Hesepe pafupi ndi Osnabrück. M'masabata owerengeka lidataya ndege zambiri, zina kwa adani, zina chifukwa cha injini ndi ngozi za potera, ndipo pa 8 Novembala 1944 Nowotny mwini adagwa nafa pafupi ndi bwalo lake, Galland ali pomwepo. Galland naye adachotsedwa pa udindo mu Januwale 1945 atayambana ndi mkulu wake, Hermann Göring, naloledwa kusonkhanitsa akatswiri otsala m'kagulu kotchedwa JV 44 ku Munich, kumene ndege zapulopela zopakidwa utoto wofiira kumimba zinkazungulira bwalo kuti ziteteze majeti potera. Tsiku limene namzeze adaonetsa mphamvu yake yonse linali 18 Malichi 1945, pamene majeti 37, ena atasenza maroketi a R4M kunsi kwa mapiko, adakumana ndi ndege zoponya mabomba zoposa 1,200 zopita ku Berlin. Adagwetsa khumi ndi kanthu. Zotsalazo zidapitirira ulendo nkukakhuthula katundu wake pa mzindawo, pakuti chala chimodzi sichiswa nsabwe.

Mawerengero ake ndi awa. Ndege za Me 262 zidapangidwa pafupifupi 1,400, koma zokonzeka kumenya nkhondo pa nthawi imodzi kawirikawiri sizinkapitirira 200. Zina zinkadikira injini, zina zidaphwanyidwa zili pansi kapena pa sitima, zina zidasowa woziyendetsa. M'chaka chimodzi chokha cha 1944 mafakitale a ku America adatulutsa ndege zoposa 96,000. Kuyambira pa 12 Meyi 1944 adani adatembenukira mafakitale osandutsa malasha kukhala mafuta, monga a ku Leuna, ndipo pofika Seputembala mafuta a ndege amene Germany inkapanga sankafika ngakhale gawo limodzi mwa magawo khumi a m'mwezi wa Epulo. Zitsime za mafuta za ku Ploiești nazo zidagwa m'manja mwa asilikali a Soviet Union mu Ogasiti. N'zoona kuti jeti inkamwa mafuta otsika, onga dizilo, koma anyamata oti adzaiyendetse ankayenera kuphunzira pa ndege za petulo, ndipo petulo kunalibe. Tiyerekeze tsono kuti zonse zidayenda bwino, majeti mazana angapo nkukhala okonzeka kumayambiriro kwa 1944. Ndikhulupirira kuti ndege za ku America zoponya mabomba masana zikadakhetsa mwazi wambiri, mwina nkuleka kwa kanthawi. Koma Angelezi ankaponya awo usiku, jeti yawo ya Gloster Meteor idayamba ntchito mu Julayi 1944, ndipo koposa zonse, khamu la akasinja limene linkabwera kuchokera kum'mawa silikadaimitsidwa ndi namzeze wouluka maola 25. Chimene jeti ikadagula ndi miyezi, osati chipambano.

Kutaya mtima kwa atsogoleri a Germany kudaonekera poyera pa ndege ina, He 162, imene adaitcha ndege ya anthu wamba. Adaiitanitsa mu Seputembala 1944, ndipo pa 6 Disembala inali itauluka kale, ya mapiko amatabwa ndi injini imodzi ya BMW pamsana, cholinga chili chakuti anyamata a gulu la Hitler, ongophunzira pang'ono pa ndege zopanda injini, adzaiyendetse. Patapita masiku anayi, akuluakulu akuonerera, guluu womatira phiko adalekerera, ndegeyo idasweka m'mwamba, ndipo woyendetsa wake, Gotthold Peter, adafera pomwepo. Akale adati fulumira adadya gaga. Jeti yokhayo imene idagwira ntchito yake mosatsutsika inali Arado Ar 234, imene pa 2 Ogasiti 1944 idauluka pamwamba pa Normandy, kumene adani anali ataolokera, nkujambula magombe onse popanda woigwira; koma zithunzizo zidangoonetsa akazembe kukula kwa chigumula chimene chinkawadzera.

Tsono ndifike pa chimene chimandilemera mumtima ndikamva anthu akukambirana mokondwa za miyezi imene jeti ikadagula. Ndani akadalipira miyezi imeneyo? Mabomba atagwa pa fakitale ya Messerschmitt ku Regensburg pa 17 Ogasiti 1943, ndiponso pa mafakitale ambiri mu Febuluwale 1944, ntchito yopanga ndege idasamutsidwira m'nkhalango, m'mapanga ndi pansi pa mapiri, ndipo okumba mapangawo sadali amisiri olembedwa ntchito. Anali akaidi a m'misasa yachibalo ndi anthu ogwidwa m'mayiko ogonjetsedwa, Ayuda, Apolishi, Arasha, Ataliyana ndi mitundu ina, ogwira thangata yoposa thangata iliyonse imene makolo athu adaidziwa, pakuti mwini ntchito sankasamala ngati wantchito afika mawa. Ku St. Georgen, m'dziko la Austria, akaidi a msasa wa Gusen adaboola phiri nkumapangiramo matupi a Me 262. Ku Leonberg, pafupi ndi Stuttgart, mapiko ankapangidwa m'ngalande ya msewu waukulu yodutsa pansi pa phiri. Ku Kaufering Ayuda zikwizikwi adafa ndi njala, nthenda ndi zikoti akumanga zinyumba za konkire zobisamo mafakitale, zimene sizidathe n'komwe. Ku Kahla, m'phiri la Walpersberg, anthu oposa 10,000 adakokeredwa ku ntchito, akufa adapitirira chikwi, ndipo ndege zimene zidatuluka m'menemo sizidafike 30. He 162 ija inkalumikizidwa m'phanga la ku Hinterbrühl, kufupi ndi Vienna, ndipo asilikali a Soviet Union atayandikira, akaidi odwala pafupifupi 50 amene sakadatha kuyenda adaphedwa, otsalawo nkuyendetsedwa pansi kunka ku msasa wa Mauthausen. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Munthu amene aima patsogolo pa ndege yokongolayo nalakalaka kuti ikadafulumira, adziwe kuti akulakalaka kuti zipata za Gusen, zimene zidatsekulidwa pa 5 Meyi 1945, zikadakhalabe zotseka mpaka chilimwe china.

Nkhondo itatha, ogonjetsa adagawana zofunkha. Von Ohain adatengedwa kunka ku America mu 1947 nakagwira ntchito ku bwalo la ndege zankhondo la Wright-Patterson, ndipo atakalamba adakhala bwenzi la Whittle, mpaka awiriwa adalandirira limodzi mphotho ya Draper mu 1991. Franz adapita ku kampani ya Lycoming, kumene adakonza injini ya T53 imene idaulutsa helikopita za Huey ku Vietnam. Soviet Union idakopera Jumo 004 nkuitcha RD-10, niika pa ndege yake ya Yak-15, ndipo ku Czechoslovakia adapitiriza kulumikiza Me 262 pansi pa dzina lakuti Avia S-92. Ija ya nambala 8 yofiira inali ya kagulu ka Kurt Welter, kamene kankasaka ndege za Mosquito usiku m'miyezi yotsiriza. Idaperekedwa kwa Angelezi ku Schleswig mu Meyi 1945, idayesedwa ku Britain, ndipo mu 1947 idakwezedwa pa sitima ya pamadzi kunka ku South Africa, dziko la Pienaar ndi Lockhart-Ross, kumene ikusungidwa kufikira lero.